Malungo a Bobini

Ndinali kutsuka makapu tsiku limene mphaka wathu anayamba kudwala. Ndimatsuka pang'onopang'ono, mwadala, chifukwa pamalo otsukira mbale ndi pokhapo pamene munthu sandifunsa kanthu. Makapu athu onse ndi adothi, kupatula imodzi yachitsulo, yoyera, ya mzere wabuluu kukamwa kwake, yosupuka pafupi ndi chogwirira. Imeneyo inali ya amayi. Chimwalirireni amayi palibe anamweramo, koma ine ndinkaitsukabe tsiku ndi tsiku, kuipukuta mkati ndi kunja, n'kuibwezera kumapeto kwa shelefu.

Zimene ndikulembazi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo. Dokotala wa ziweto wa kuseri kwa msika anaona mbali yake, aphunzitsi amene amasoketsa mayunifolomu kwathu anamva ndi makutu awo, ndipo onsewo ali moyo, mukhoza kuwafunsa. Ine sindine munthu wokometsera nkhani. Kunyumba amanditcha Duu, chifukwa ndikhoza kuswera tsiku lonse osatulutsa liwu.

Bambo anga ndi telala. Nyumba yathu ili ndi zipinda zitatu zondondozana. Kutsogolo, kumsewu, kuli makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi benchi ya makasitomala. Pakati ndi pamene timadyera ndi kugona. Kumbuyo kuli kachipinda ka zenera limodzi, loyang'ana kolowera dzuwa. Azakhali, alongo awo a bambo, anabwera kudzakhala nafe ukwati wawo utatha, ndipo ndi amene amasita zovala ndi kulandira makasitomala. Ine nditamaliza sekondale anandipatsa ntchito yosokerera mabatani.

Mphakayo anamutola ndi amayi mu ngalande ali kamwana, n'kumutcha Bobini, chifukwa ankakonda kugubuduza mabobini a ulusi pansi pa makina. Azakhali sanamukondepo. Ankati ubweya wake umamatirira pa nsalu za anthu.

M'mawa wa tsikulo kunabwera nsalu za mayunifolomu a teremu yatsopano, mipukutu isanu ndi umodzi yabuluu. Tinaiunjika m'kachipinda ka kumbuyo, pamene kale panali bedi. Nthawi itakwana folo koloko madzulo, ndili ndi kapu yachitsulo ija m'manja, Bobini anabwera kudzadzikhula pa mwendo wanga. Ndinadzidzimuka. Anali wotentha ngati simbi imene yangochotsedwa pa malaya. Anandiyang'ana, n'kuyenda modzandira kupita kumbuyo kuja. Anakwera pa mipukutu, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Dzuwa litalowa thupi lake linazizira. Anadzuka, ananyambita mkaka pang'ono.

"Wadya khoswe wapoizoni ameneyo," anatero azakhali akupinda malaya. "Msiye. Amphaka ndi ouma mitu, safa chisawawa."

Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi, nthawi yomweyo. Mkucha wakenso. Tsiku lachinayi m'mawa ndinamuika m'katoni, n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo ndi bambo wamfupi, wadazi, wokonda nthabwala. Anamutsegula kukamwa, anamuona m'makutu ndi m'maso, anamufinya pamimba, anamuyeza kutentha kwa thupi.

"Mphaka wako ali bwinobwino, chemwali. Kapena wodwala ndiwe?"

"Amayamba folo koloko," ndinatero motsitsa.

"Folo koloko? Malungo ovala wotchi?" Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anati, "Chabwino. Ubwere nayenso nthawi imeneyo, tiwaone malungo osunga nthawiwo."

Ndinabwerera kutatsala mphindi khumi. Dokotala anamunyamula Bobini m'manja, akundiuza za mbuzi imene inadya chikwama cha mwini wake. Wotchi ya pakhoma itangofika pa folo, nkhani ija inathera pakamwa. Anamuika pa tebulo, n'kuyang'ana zikhatho zake. Anamuyezanso. Anagwedeza kachipangizoko, n'kuyezanso kachiwiri. Anatenga magazi pang'ono pa mwendo, n'kukhala nthawi yaitali akusuzumira m'makina ake oonera tizilombo.

"Mulibe kanthu," anatero. Kenako anawerama n'kununkhiza ubweya. "Mwamupaka chiyani?"

"Palibe."

"Usandinamize. Awa ndi mafuta opaka pachifuwa, a fungo la bulugamu aja. Amphaka sapakidwa zimenezi. Amanyambita, amafa nazo."

"Kunyumba kulibe mafuta amenewo."

"Nanga m'mawa muja bwanji sankanunkha?"

Funsolo anadzifunsa yekha, ine sanandiyang'ane. Anamubaya jakisoni, anandipatsa timapiritsi ndi sirinji yomumwetsera madzi. Potuluka sanandiuzenso nthabwala.

Fungolo ine ndinalidziwa asananene. Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo miyezi inayi.

Amayi anadwala masiku asanu ndi anayi. Nawonso anayamba tsiku limene nsalu za mayunifolomu zinabwera, teremu yapitayo. Linali thupi kutentha chabe, makamaka madzulo dzuwa likafika pa zenera la kumbuyo. Tinawagoneka m'kachipinda kaja kuti atalikire phokoso la makina. Usiku ndinkawapaka mafuta a bulugamu pachifuwa. Za kuchipatala bambo sanakane. Ankangoti, "Tione mawa, ndingomaliza masiketiwa." Mawa likafika pamakhala mathalauza.

Mawu a amayi atayamba kuchepa, ndinawaikira kapu yachitsulo ija pampando pafupi ndi bedi, ndi supuni. Akafuna madzi ankagogoda katatu, ine n'kusiya mabatani kuthamangira komweko. Kawirikawiri inkakhala folo koloko, kachipindako kakatentha.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi anamva kugogodako, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli wodwala. Anafunsanso ngati ndi chifuwa. Anatenga nsalu yake imene inali isanadulidwe, n'kumapita. Azakhali analowa kumbuyo kuja. Ndinawamva akulankhula mokoma.

"Alamu, muzipuma. Kugogodaku kukukutopetsani. Tizibwera tokha kudzakuonani."

Anatuluka ndi supuni. Anaikulunga m'kachidutswa ka nsalu, n'kuiika m'dilowa ya makina, momwe mumakhala mabobini. Bambo anasuntha bondo kuti dilowayo itseguke bwino. Kwa ine bambowo anati mabatani a malaya makumi anayi akufunika Lachisanu, ndisamangoyendayenda.

Ndinkapitabe m'mawa, masana ndi madzulo. Koma folo koloko ndi nthawi imene makasitomala amachuluka, ndipo azakhali ankatseka chitseko cha pakati. Tsiku lachisanu ndi chinayi, makina ataima pang'ono kuti bambo asinthe ulusi, ndinamva kaphokoso kakang'ono kuchokera kumbuyo. Ke. Ke. Ke. Chinali chikhadabo pa chitsulo. Ndinaika singano pansi. Azakhali anandiyang'ana, n'kuyang'ana pa benchi pamene panakhala anthu atatu, n'kundiyang'ananso. Ndinatolanso singano ija.

Nditalowa cha m'ma faifi, amayi anali atayang'ana kukhoma. Kapu inali youma. Bobini, amene ankalowera pa zenera, anali atagona m'mapindiko a mawondo awo.

Pamaliro anthu anati anali malungo oopsa, ofulumira. Palibe anatsutsa. Inenso sindinatsutse.

Tsono nditachoka kwa dokotala wa ziweto tsiku lija, ndinayamba kuwerenga masiku.

Tsiku lachisanu Bobini anasanza timapiritsi tija. Mkaka anaukana. Ndinayesa kumugoneka pa bedi langa, ndinatseka chitseko cha kumbuyo, koma folo koloko isanakwane anadzikoka mpaka pachitsekopo, n'kumakanda mofooka mpaka ndinatsegula. Anagona malo omwe aja, nkhope kukhoma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi aphunzitsi anabwera kudzaona pamene ntchito yafika. Ndi bambo wamtali wa magalasi, amene amawerenga batani lililonse. Anakhala pa benchi, malaya ali pamiyendo. Azakhali ankasita. Kunja kunkadutsa wogulitsa matsache akuitanira malonda. Bambo anaimitsa makina kuti adule ulusi.

Ngwe. Ngwe. Ngwe.

Simbi inaima pa kolala.

Ngwe. Ngwe. Ngwe.

"Muli ndi wodwala m'nyumba muno?" anafunsa aphunzitsi.

"Ayi, ndi mphaka," anayankha azakhali msanga. "Akusewera ndi zitini."

"Mphaka wanu ndi wophunzira. Akugogoda katatu katatu."

Palibe anaseka. Kolala ija inayamba kununkha kupsa. Bambo anaika mapazi pa chopondera, n'kupalasa makina mwamphamvu, ngakhale pansi pa singano panalibe nsalu.

Aphunzitsi atapita ndinathamangira kumbuyo. Munalibe chitini. Munalibe chitsulo chilichonse. Munali mipukutu ya nsalu, ndi Bobini akupuma mwabefu, ndi fungo la bulugamu lochita kuwawa m'maso. Kapu inali pa shelefu m'chipinda cha pakati, pamene ndinaisiya.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kugogoda kutayamba, azakhali anatsegula dilowa ya makina. Supuni inali momwemo, m'kachidutswa kake, pansi pa mabobini. Anaigwira ngati yotentha. Anatuluka nayo panja, ndipo ndinamva chitseko cha chimbudzi, kenako kugwa kwa kanthu pansi patali. Anabwerera akupukuta manja pa chovala.

"Zatha," anatero.

Ngwe. Ngwe. Ngwe.

Azakhali anakhala pa benchi ya makasitomala. Chibwerereni m'nyumba mwathu ndinali ndisanawaonepo atakhala pamenepo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Bobini anali mafupa okhaokha. Lilime linauma ngati kachikopa. Madzi a m'sirinji ankangotulukira m'mbali mwa kamwa. Ndinapitanso kwa dokotala, ndekha, ndipo anandimvetsera ataweramitsa mutu.

"Chemwali, zimene ndinaphunzira ndayesa zonse. Mphaka wotentha choncho masiku asanu ndi atatu anayenera kufa kale, kapena kuchira kale." Anakanda dazi lake. "M'nyumba mwanumo munachitika chiyani?"

Ndinangotsanzika.

Madzulo amenewo, tikudya, azakhali analankhula monong'ona ngati kuti mphakayo angamve.

"Achimwene, chinthu chimenechi chichoke. Si mphaka uyu. Aphunzitsi amva kale. Anthu akayamba kunena kuti kwa telala kumalira zinthu, adzatibweretsera nsalu ndani?"

Bambo anayang'ana m'mbale. "Tione mawa."

"Mawa lomwelo. Aphunzitsi akangotenga katundu wawo, ndikamuponya ku ngalande yaikulu. Ndi kumene anachokera." Anatembenukira kwa ine. "Iwe Duu, wamva? Usayambe zolira."

Ndinatola mbale n'kukatsuka. Ndinatsuka nthawi yaitali.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunacha kotentha, kopanda mphepo. Pansi pa tebulo lositira panali thumba, mkati mwake muli theka la njerwa. Ndinaliona m'mawa pamene ndinkasesa. Ndinasesa molizungulira.

Anandipatsa malaya khumi ndi awiri otsala. Ulusi unkakana kulowa pa singano. Kawiri ndinadzibaya chala.

Aphunzitsi anafika kutatsala pang'ono kuti ikwane folo. Anayamba kuwerenga masiketi. Azakhali anatseka chitseko cha pakati, n'kuimirira pafupi nacho akumwetulira. Bambo anali pa thalauza lomaliza, akupalasa osapumira. Msewu unali zii. Ngakhale wa matsache uja sanadutse.

Ulusi unaduka. Makina anaima.

Tonse tinadikira. Supuni sinalire.

Azakhali anapumira m'mwamba. Bambo anatenga ulusi n'kuunyambita nsonga.

Ke.

Ndinaleka kusoka.

Ke. Ke.

Aphunzitsi anakweza mutu, n'kupendeketsa khutu. "Lero akugogoda motopa," anatero chapansipansi.

Ndinaika singano pansi. Azakhali anandiyang'ana. Anayang'ana pa benchi. Anandiyang'ananso. Anali maso omwe aja.

Ndinaimirira. Chitini cha mabatani chinagwa pamiyendo panga, mabatani n'kumwazika pansi ponse. Sindinatole.

"Duu," ananong'ona azakhali. "Pali alendo."

Ndinawalambalala n'kutsegula chitseko. Ndinatenga kapu pa shelefu, n'kutunga madzi m'ndowa mpaka kudzaza. Ndikuyenda, ndinamva m'zala zanga. Ke. Ke. Ke. Chitsulocho chinkanjenjemera pang'ono, ngati wina akuchigogoda chakunsi. Madzi ankachita timizere. Sindinaitaye.

M'kachipindamo munali motentha ngati mu uvuni. Dzuwa linali pa zenera. Fungo la bulugamu linandilowa mpaka kukhosi. Mipukutu itatu yotsala inali itagonekedwa mondondozana kukhoma, ndipo pamwamba pake panali polowa mkati, potalika ngati munthu wogona chammbali. Nsalu ya pa mpukutu ndi yolimba. Ine ndikakhalapo sipalowa. Bobini anali chakumunsi, pamene pakanakhala mawondo.

Ndinagwada.

"Ndabwera," ndinatero. "Pepani. Ndachedwa."

Ndinafikitsa kapu pakamwa pa Bobini. Anatsegula diso limodzi. Anatulutsa lilime, n'kukhudza madzi. Kamodzi. Kawiri.

Madzi anayamba kutsika.

Ankatsika ngati mmene amatsikira munthu waludzu akamamwa, kutsika, kuima, kutsikanso. Lilime la mphaka silinkawafikanso. Kapu inapendekeka yokha m'manja mwanga, pang'ono, chakukhoma. Ndinangoigwirizira, monga ndinkachitira kale. Inatha yonse. Pansi sipanagwe dontho. Nsalu sinanyowe.

Kugogoda kunaleka.

Ndinaika dzanja pa Bobini. Kutentha kunkachoka m'thupi mwake ndikukumva, ngati simbi imene yazimitsidwa. Anatembenuka kusiya khoma, n'kuika mutu pa bondo langa.

Malungowo sanabwerenso. Patapita sabata dokotala anamuyeza, n'kunena kuti mwina jakisoni uja anagwira mochedwa, koma ponena zimenezo ankayang'ana pa zenera. Polowa mkati pa nsalu paja sipanathe ngakhale azakhali anasitapo kangapo, ndipo bambo anadula mbali imeneyo n'kuitaya. Amene anamwa madzi aja sindikumudziwa. Ndangolemba zimene ndinaona.

Koma tsikulo, nditatembenuka, ndinapeza azakhali ali pakhomo la kachipindako, thumba lili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali bambo, tepi yoyezera ili m'khosi. Kumbuyo kwa bambo kunali aphunzitsi, atavula magalasi.

"Bweretsa kuno," ananong'ona azakhali. "Waona wekha. Si mphaka ameneyo. Bweretsa."

Ndinamunyamula Bobini. Anali wopepuka ngati mtolo wa zidutswa za nsalu.

"Mwanawe, wamva zimene anena azakhali ako," anatero bambo osandiyang'ana. "Tisachite manyazi pamaso pa alendo. Zinazo tikambirana mawa."

"Mawa ayi, bambo."

Mawu anga anamveka achilendo, okulirapo kuposa kachipindako. Azakhali anatsegula pakamwa, koma sindinawapatse mpata.

"Amayi anamwalira ali ndi ludzu m'chipinda chino, madzi ali m'ndowa kuseri kwa khomali. Supuni munawalanda ndinu, azakhali, kuti makasitomala asamve. Inu bambo munasuntha bondo kuti dilowa itseguke, ndipo masiku asanu ndi anayi munkati mawa. Ine ndinamva chikhadabo chawo pa kapu iyi, ndinadziwa chimene ankafuna, koma ndinapitiriza kusoka batani chifukwa ndinaopa maso anu. Tonse atatu tinalipo. Aphunzitsi, mayunifolomu a teremu yatha aja munawayamikira kuti anatha pa nthawi yake. Anatha choncho."

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Bambo anagwira tepi ija ndi manja onse awiri.

"Duu," anatero azakhali, "ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndakhala ndikuchidziwa miyezi inayi. M'nyumba muno amene analowa kukakhala nawo ndi mphakayu yekha. Thumbalo liikeni pansi, azakhali. Ngati muli wofunika kulowamo m'banja lino, si iyeyu."